Bulangete la pa Khirisimasi si penshoni

Pali mwambo umene wazika mizu pakati pathu, ndipo popeza umavala nkhope ya chifundo, palibe amene amalimba mtima kuufunsa mafunso. Chaka chikamapita kumapeto, kampani, mpingo, bungwe kapena wandale amasonkhanitsa nkhalamba pabwalo la sukulu. Azigogo amafika m'mamawa, ena atatsimphina mtunda wautali ndi ndodo, n'kukhala pansi kudikira mlendo wolemekezeka amene amatulukira dzuwa litapendeka. Pamakhala zolankhula, pamakhala magule, kenako aliyense amalandira bulangete, paketi ya shuga, sopo ndi kathumba ka ufa. Wojambula amauza agogo kuti akweze katunduyo m'mwamba ndi kumwetulira. Pofika madzulo zithunzi zimakhala zili pa Facebook, ifenso n'kumathirapo ndemanga zoyamikira.

Wopereka sindikumunyoza. Shugayo amamwedwa ndithu, ndipo tsiku limenelo agogo amagona atadya. Koma taonani nthawi imene mphatsozi zimafika. Bulangete limabwera mu Disembala, pamene usiku munthu amagona chitseko chili pululu chifukwa cha kutentha. Chisanu chimene chimalowa m'mafupa a nkhalamba chimabwera mu Juni ndi Julayi, ndipo pamenepo sipaoneka galimoto. Njala imaluma mu Januwale ndi Febuluwale, nkhokwe zitauma, chimanga cha m'munda chisanakhwime, pamene opereka aja atangwanika ndi fizi ya ana awo. Zikuonetseratu kuti kalendala imene timatsata ndi ya wopereka. Wolandira sadafunsidwe kuti chikumusowa n'chiyani, ndipo chimamusowa liti.

Akadafunsidwa akadatchula zinthu zazing'ono zimene sizikoma pa chithunzi: mchere, machesi, ndalama ya kuchigayo, ya kabaza wopita naye kuchipatala, ya mankhwala a kuthamanga kwa magazi tsiku limene kuchipatala amuuza kuti akagule yekha, ya mnyamata waganyu womupalirira munda msana ukakana, ya udzu ndi pulasitiki yofolerera denga mvula isanagwe. Zosowa zimenezi zimabwera mwezi ndi mwezi, ndipo zonse zimafuna ndalama m'manja. Ndiye agogo akagulitsa bulangete lija pamsika kuti apeze ya kuchigayo, timawanena kuti ndi osayamika, chonsecho angokonza zimene ife tidalakwitsa.

Koma vuto langa lalikulu silili pa bulangete. Lili pa mawu akuti "thandizo". Tazolowera kuganiza kuti chilichonse chimene nkhalamba yosauka ilandira ndi mphatso, yoyenera kuilandira ndi manja awiri, itagwada. Ine ndikuti dziko lili ndi ngongole kwa anthu amenewa, ndipo ngongole sabweza ndi magule ndi makamera.

Tatengani munthu amene adabadwa cha m'ma 1950. Malawi ndi Zambia zikulandira ufulu mu 1964, iye adali kale ndi khasu m'manja. Ngati adali Mmalawi, adalima fodya, thonje kapena mtedza n'kumagulitsa ku ADMARC pa mtengo umene boma lidakhazikitsa, wotsika kwambiri poyerekeza ndi umene mbewuzo zinkagulidwa kunja, ndipo phindu lake lidakamanga maesiteti a anthu ena. Adakhoma msonkho wa pamutu. Adagula khadi la chipani kuti aloledwe kulowa mumsika kapena kukwera basi. Ngati adali wa ku Chipata kapena ku Katete, chimanga chake chidadyetsa anthu a m'migodi ya ku Copperbelt. Ngati adali wa ku Angónia kapena ku Tete, makolo ake adalawa chibalo cha Apwitikizi, iye mwini n'kuthawa nkhondo imene idatha mu 1992, kubwerera kwawo n'kupeza mudzi uli bwinja. Ambiri adapita ku migodi ya ku Joni kudzera ku Wenela ndi ku TEBA, adabwerako ndi chifuwa, ndipo mpaka lero ena akulondolabe ndalama zawo. Ena adatsikira ku mapulazi ndi ku migodi ya ku Zimbabwe osabwereranso. Minda italandidwa kuyambira mu 2000 adatsala opanda ntchito ndi pokhala, ndipo kangachepe kamene adasunga kadasanduka mapepala pamene ndalama ya dzikolo idagwa mu 2008.

Kenako padabwera Edzi. Mankhwala otalikitsa moyo adayamba kuperekedwa ulere m'zipatala za boma ku Malawi mu 2004. Zaka zoposa khumi izi zisanachitike, ndani adasamalira odwala m'midzi? Ndani adaika m'manda ana ake amene ankayembekezera kuti adzamuika iyeyo, n'kutsala ndi adzukulu asanu, asanu ndi awiri, m'kanyumba kamodzi? Ntchito imene boma silikadaitha, imene mabungwe onse a ana amasiye sakadaikwanitsa, adaigwira amayi okalamba popanda malipiro. Ambiri mwa ife amene lero tikulemba pa foni tili ku Johannesburg, ku Lusaka kapena ku Leeds tidakulira pa nsima ya amayi amenewo. Munthu wotereyu ndiye timuimike pamzere kuti aimbe nyimbo yothokoza chifukwa cha paketi ya shuga?

Wina anena kuti penshoni ilipo. Ilipodi, ya amene adalembedwa ntchito. Lamulo la penshoni la ku Malawi la 2011 lidalamula kuti bwana aziika 10 peresenti ya malipiro, wantchito 5 peresenti. Ku Zambia kuli NAPSA, ku Mozambique kuli INSS, ku Zimbabwe kuli NSSA. Zonsezi zimafikira makamaka munthu amene dzina lake lidali pa pepala la malipiro. Mlimi wa kumudzi, mayi wogulitsa mandasi, msodzi wa ku Nkhotakota, tenanti wa pa esiteti ya fodya ku Kasungu, onsewa adagwira ntchito moyo wawo wonse ndipo palibe pepala limene likuwadziwa. Komatu msonkho akukhomabe mpaka lero, nthawi iliyonse akagula shuga, chitenje kapena mayunitsi a foni.

Ndiyenera kunena chilungamo pa Mtukula Pakhomo, chifukwa ndi chinthu chabwino koposa chimene chachitikira mabanja osaukitsitsa ku Malawi. Idayamba ngati yoyesera ku Mchinji mu 2006, ndipo pofika 2018 idali itafalikira m'maboma onse 28. Ku Zambia ndondomeko yofanana nayo idayambira ku Kalomo mu 2003. Zonsezi zimapereka ndalama m'manja, ndipo ambiri mwa olandira ndi okalamba. Zidatsimikiza kuti wosauka akapatsidwa ndalama amadziwa chochita nazo: amagula chakudya, mbuzi, malata, yunifolomu ya mdzukulu.

Koma Mtukula Pakhomo idamangidwa pa lamulo lakuti mwa mabanja khumi alionse lisankhidwe limodzi, losaukitsitsa komanso lopanda munthu wamphamvu zogwira ntchito. Aliyense wodziwa mudzi wa kwathu akudziwa tanthauzo la zimenezi. M'mudzi momwe mabanja asanu ndi awiri mwa khumi amagona ndi njala mu Febuluwale, kusankha limodzi kuli ngati kuponya fupa pakati pa anjala. Agogo awiri oyandikana nyumba, a msinkhu umodzi, odya ndiwo za mtundu umodzi, wina alembedwa, wina asiyidwa chifukwa ali ndi mdzukulu wa zaka makumi awiri amene pa fomu akuoneka ngati wamphamvu, chonsecho mnyamatayo amangobwera kudzadya. Wosiyidwayo samvetsa. Amaloza chala amfumu, amaloza komiti, amaloza mnzake uja. Ndipo tisaiwale kuti nkhalamba kwathu kuno zimakhala kale pa mpeni. Mu Januwale 2016 ku Neno anthu okalamba anayi a banja limodzi adaphedwa ndi khamu la anthu powaganizira ufiti, mtsikana wina atafa ndi mphenzi. Chaka ndi chaka bungwe la MANEPO limatulutsa chiwerengero cha okalamba ophedwa pa milandu yotereyi, ngakhale lamulo la 1911 limaletsa kunena munthu kuti ndi mfiti. Ndondomeko iliyonse imene imasankha nkhalamba imodzi n'kuionetsa poyera kuti iyi ndiyo yalandira, anzake ayi, ikusewera ndi moto pafupi ndi udzu wouma. Mabungwe achifundo amene amafika ndi mndandanda wa maina makumi atatu m'mudzi wa nkhalamba zana amachita chimodzimodzi, ndipo iwo madzulo amakwera galimoto n'kubwerera kutauni.

Chachiwiri, ndalama zake ndi za eni. Gawo lalikulu la Mtukula Pakhomo lakhala likuchokera ku Germany, ku European Union, ku Ireland ndi ku World Bank, ndipo kwa zaka zambiri boma la Malawi linkalipira m'boma limodzi lokha, la Thyolo. Akuluakulu adati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo. Ku Zambia mu 2018, zitadziwika kuti ndalama za ndondomekoyi zasokonezedwa, Britain, Ireland, Finland ndi Sweden adaimitsa thandizo lawo, nduna idachotsedwa, koma amene adagona ndi njala miyezi imeneyo sadali akubawo. Ku Mozambique okalamba amene amalandira kudzera ku INAS amatha miyezi yambiri osaona kanthu. Mu 2025 tonse tidaona momwe boma la America lidatsekera USAID m'masabata owerengeka, ntchito za zaka zambiri n'kuima ngati zadulidwa ndi chikwanje. Chisankho cha ku Washington kapena ku Berlin, chimene agogo a ku Ntchisi sadaponyeko voti, chikhoza kuwalanda mchere wa mwezi wamawa. Ndipo ngakhale ndalamayo ibwere, kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo ya pamsika idakwera sabata yomweyo, pamene ya agogo idatsala pomwe idali kudikira misonkhano ya akuluakulu.

Njira ina ilipo, ndipo sitikusowa kuwoloka nyanja kuti tikaione. Botswana idayamba kupereka penshoni kwa nzika iliyonse ya zaka 65 mu 1996. Namibia imapereka kwa aliyense wa zaka 60. South Africa imapereka ndalama zoposa R2,000 pamwezi kwa okalamba osapeza bwino. Mudzati amenewo ali ndi miyala ya mtengo wapatali. Chabwino, nanga Lesotho? Mu Novembala 2004, boma la Pakalitha Mosisili lidayamba kupereka maloti 150 pamwezi kwa aliyense wa zaka 70, kuchokera m'thumba la dzikolo, popanda kudikira mabungwe akunja. Nanga Zanzibar, zilumba za asodzi ndi alimi, imene mu 2016 idayamba kupereka mashilingi 20,000 pamwezi kwa aliyense wa zaka 70? Idali ndalama yochepa, inde, koma inkabwera mwezi uliwonse, ndipo palibe amene ankaimbira nyimbo kuti ailandire. Ndipo chimene ambiri a ife sitidziwa n'chakuti njira imeneyi idayesedwapo pakati pa Achewa enieni: ku Katete, kuyambira mu 2007, m'madera ena aliyense wa zaka 60 ankalandira, popanda kufunsidwa ngati ali ndi mbuzi kapena wailesi. Chimene chidasowa ndi mtima woifalitsa dziko lonse.

Ubwino wa penshoni ya aliyense uli poyera. Chofunika ndi chimodzi chokha, zaka zobadwa. Palibe komiti yosankha, palibe mfumu yoti uinyengerere ndi nkhuku, palibe kufunsa kuti udavotera ndani. Palibenso nsanje, chifukwa mnansi amene sadafike zakazo akudziwa kuti tsiku lake likubwera. Nkhalamba imene imabweretsa ndalama pakhomo mwezi ndi mwezi imaleka kuonedwa ngati katundu; adzukulu amaisesera pakhomo, ndipo mawu ake pabwalo amamvekanso.

Zotsutsa ndikuzidziwa, ndipo ina mwa izo ndi yolemera. Yopepuka ndi yakuti adzamwera mowa. Ena adzamwera ndithu, monga momwe ena olandira malipiro a boma amamwera, ndipo palibe amene adanenapo kuti aphunzitsi azilipidwa mabulangete. Katswiri wa zachuma Esther Duflo, amene pambuyo pake adalandira mphoto ya Nobel, adafufuza penshoni ya ku South Africa n'kupeza kuti ana aakazi okhala ndi agogo aakazi olandira penshoni ankakula bwino, thupi ndi msinkhu womwe. Ndalama ya agogo imathera mu mphika wa banja lonse. Ina ndi yakuti zaka za anthu akumudzi sizidziwika. Zimenezo zidali zoona kale. Kuyambira mu 2017 Amalawi ali ndi ziphaso za unzika, Azambia akhala ndi ziphaso zawo kuyambira kalekale, ndipo nthawi ya chisankho boma limawapeza okalamba onsewa mpaka kuseri kwa phiri. Boma limene limatha kukupeza likafuna voti yako lingalephere bwanji kukupeza likafuna kukulipira?

Palinso amene amati chikhalidwe chathu chimalamula ana kusamalira makolo, ndiye penshoni idzaphwasula umunthu. Mawuwa amakoma akamayankhulidwa pa maliro kapena pa Kulamba. Koma ana ake ati? Amene ali m'manda kuyambira m'ma 1990? Amene akugona asanu m'chipinda chimodzi ku Diepsloot, akuthawa apolisi chifukwa cha mapepala? Amene adamaliza sukulu zaka zisanu zapitazo ndipo akudyabe kwa agogo omwewo? Chikhalidwe chimene tikuchitamandacho chidali ndi minda yokwanira, nkhokwe ya mfumu ndi ana okhala pafupi. Lero chatsala ndi mwambi wokha wakuti akulu ndi mdambo mozimira moto, ndipo timaunena pamene dambolo tikulisiya kuti liume. Ku Lesotho ana sadaleke kukonda makolo awo chifukwa cha maloti aja.

Yolemera ndi ya ndalama. Maiko athu ali m'ngongole mpaka m'khosi, zipatala zilibe mankhwala, ndipo boma likhoza kuba ndalama ya nkhalamba monga zidachitikira ku Zambia kuja. Sindikukana. Koma kalembera wa 2018 adapeza kuti mwa Amalawi 17.5 miliyoni, a zaka 60 kupita m'tsogolo adali pafupifupi asanu mwa 100 alionse, osafika ndi miliyoni imodzi yomwe. A zaka 70 ndi ochepa kuposa apo. Dziko likhoza kuyambira pamenepo, ndi ndalama yochepa, n'kumatsitsa zaka ndi kukweza ndalamayo pang'onopang'ono. Dziko limene mu 2013 lidataya mabiliyoni a kwacha m'miyezi yowerengeka pa Cashgate, limene chaka ndi chaka limapeza ndalama za galimoto zatsopano za akuluakulu ndi maalawansi a misonkhano ya kunyanja, lisatiuze kuti thumba limauma pokhapokha nkhani ikafika pa agogo. Za kuba, ndalama yopita mwachindunji pa foni ya munthu kudzera pa Airtel Money kapena Mpamba, pa mlingo umene aliyense akuudziwa, ndi yovuta kuiba kusiyana ndi matumba a ufa odutsa m'manja khumi. Agogo akadziwa kuti pa 30 pamayenera kulowa ndalama yakutiyakuti, isakalowa mudzi wonse umadziwa tsiku lomwelo.

Apa ndi pamene chifundo chathu chimandidetsa nkhawa kwambiri. Chithunzi chilichonse cha nkhalamba yomwetulira ndi bulangete chimauza boma kuti nkhaniyi ili m'manja abwino. Nduna imabwera kudzakhala mlendo wolemekezeka, imayamika "abwenzi athu akufuna kwabwino", imapempha ena kuti atengerepo chitsanzo, n'kubwerera ku ofesi popanda wina woifunsa kuti unduna wake waika zingati. Tidaonapo kale chifundo chomangidwa pa dzina la munthu mmodzi. Bingu wa Mutharika adali ndi bungwe lake la okalamba, Bingu Silvergrey Foundation. Iye atamwalira mu 2012, ndani akulimvanso? Penshoni ya ku Lesotho yaona maboma akusinthana kangapo ndipo ikadalipo, chifukwa ili mu bajeti ya dziko, ndipo wandale amene angayese kuichotsa akudziwa chimene chingamuchitikire pa chisankho.

Sindikunena kuti magulu athu aleke kupereka kufikira boma litadzuka. Wa zaka 75 sangadikire Malawi 2063. Ndikunena kuti tipereke mwa njira imene ikufanana ndi chimene tikulifunsa boma. Tiyerekeze kuti gulu la anthu a kwathu okhala ku Cape Town lasonkha K2 miliyoni ya phwando la okalamba: tenti, zokuzira mawu, mafuta a galimoto, malaya olembedwa dzina la gulu, mpunga ndi nyama ya tsiku limodzi. Ndalama yomweyo ikhoza kupatsa nkhalamba 16 K10,000 mwezi uliwonse kwa chaka chathunthu. Sankhani mudzi umodzi waung'ono umene mungaukwanitse, mulembe aliyense amene wafika zaka zimene mwagwirizana, osasiyapo ndi mmodzi yemwe, ngakhale amene mwana wake ndi mphunzitsi. Auzeni poyera kuti adzalandira zingati, tsiku liti, mpaka liti, kuti athe kukonzekera, kukongola mchere pagolosale akudziwa tsiku lobweza. Musalonjeze zaka zitatu ngati mphamvu yanu ndi ya chaka chimodzi. Amene alibe foni asankhe okha munthu amene akumukhulupirira, ndipo wina wa gulu aziwafunsa iwo eni, pa okha, ngati ndalama ikuwafika. Kwa osonkha onetsani mabuku a ndalama. Nkhope ya agogo isiyeni. Ngati simungakonde kuti mayi anu aikidwe pa intaneti atanyamula sopo, musatero ndi mayi a mnzanu.

Ndipo mabungwe ndi mipingo imene ili ndi mawu omveka iwagwiritse ntchito. African Union idavomereza pangano la ufulu wa okalamba mu 2016, chaka chomwecho Malawi idakhazikitsa ndondomeko yake ya okalamba, ndipo mu 2024 Nyumba ya Malamulo idavomereza lamulo la anthu achikulire. Mapepala alipo okwanira. Phungu wa kwanu akadzabwera kudzagawa mabulangete mu Disembala muno, mulandireni mwaulemu, mumupatse mpando, kenako wina aimirire pamaso pa azigogowo amufunse kuti mu bajeti imene adavomereza chaka chino, ndalama ya mwezi ndi mwezi ya okalamba a m'dera lake ili pa tsamba liti, ndipo ndi zingati.